Mbaula yatsopano siithetsa utsi nkhuni zikakhala zaziwisi

Akonzi,

Ndiloleni ndilankhuleko za kukhitchini m'nyuzipepala yathuyi. Nyengo yobzala mitengo ikatsegulidwa pa 15 Disembala chaka chilichonse timamva zambiri za mbande ndi za mbaula zosatha nkhuni, ndipo zimenezo n'zabwino. Koma nkhani ya nkhuni zenizenizo, zomwe timasonkhezera m'mbaulamo, imatsalira m'mbuyo. Ine ndaona ndi maso anga kuti mbaula ndi theka chabe la ntchito.

Ndimakhala ku Bembeke, m'boma la Dedza, komwe mu Juni ndi Julayi madzi a m'ndowa amaluma zala m'mamawa. Kuno moto si wophikira wokha. Timaothanso, ndipo madzulo banja lonse limadzaza m'khitchini mpaka tulo. Utsi ukakhalamo timaupuma tonse, kuyambira agogo mpaka khanda lili kumbuyo.

Zaka ziwiri zapitazo tidachotsa mafuwa n'kumanga mbaula ya zidina, ya mabowo awiri, yofanana ndi changu changu moto yomwe idafala kuchokera ku Nkhata Bay. Tidaumba zidina tokha, n'kumata ndi dothi losakaniza ndi mchenga. Bowo lina la nsima, lina la ndiwo, moto umodzi. Ndidakondwa. Koma mwezi woyamba utsi udali tolotolo ngati kale, maso kulira misozi, mdzukulu wanga wa zaka zitatu kutsokomola usiku wonse. Ndidafika poganiza zoigumula ndi kubwezeretsa mafuwa anga.

Adandithandiza ndi apongozi anga, omwe maso ayamba kuchita chidima koma makutu adakali akuthwa. Atakhala pampasa adati, "Tandipatsani zikuni ziwiri, make mwana." Adazigundanitsa, zidangoti phi, phi. Kenaka adandiuza kuti ndiyang'ane kumapeto kwa chikuni chomwe chinali pamoto. Chinkatuluka thovu, chikulira kuti tsiii. Adati, "Mukuwiritsa madzi a mumtengo, nsima ipsa liti?" Unali bulugama yemwe bambo a kunyumba adadula sabata yomweyo.

Mtengo wongodulidwa kumene, pafupifupi theka la kulemera kwake ndi madzi. Moto umayamba waumitsa madziwo usanatenthe poto, ndiye umazirala, ndipo moto wozirala ndiwo umafuka. Pamafuwa chikuni chachiwisi chimanyengerereka, chifukwa umachiunjikira pamodzi ndi zouma n'kumapemerera mbali zonse. Mbaula ya zidina kapena ya dothi lowotcha ngati Chitetezo ili ndi khomo laling'ono, lolowa tinkhuni tiwiri kapena titatu. Tikakhala tatiwisi palibe chotithandiza kuyaka.

Nkhuni youma siibisika. Imapepuka m'manja, khungwa limasendeka lokha, kumapeto kumaoneka ming'alu, ndipo ukagundanitsa ziwiri zimalira kuti ngwe. Tsopano kwathu timadula mu Meyi mvula ikangosiya, n'kuwaza nthawi yomweyo. Bulugama makamaka amafuna kuwazidwa adakali wamuwisi, chifukwa akauma amakana nkhwangwa. Timasanja pansanja, osati pansi pomwe pali chinyezi ndi chiswe, pamwamba n'kufoleraponso udzu koma m'mbali kusiya poyera kuti mphepo izidutsa. Zomwe tawaza mu Meyi timayamba kuzigwira mu Okutobala, ndipo ndi zomwezo zimatidutsitsa dzinja. M'khitchini tidamanga kansanja kena chapambali pa mbaula, komwe timayikapo za mawa kuti zigone pofunda.

Mitengo nayo siifanana pamoto. Ifeyo tidakula tikudziwa kuti nkhuni ndiye mombo, muwanga ndi msuku, ndipo a kuchigwa amatamanda tsanya. N'zoona, imeneyi imasiya makala okhalitsa, moti nyemba zimapsa ndi zikuni zochepa. Koma ndi mitengo yomweyi yomwe yatha m'mapiri, ndipo imatenga zaka zambirimbiri kuti ikule. Yemwe adadutsako ku Dzalanyama, komwe boma lidachita kutumizako asilikali mu 2015 chifukwa cha kuwotcha makala, akudziwa zomwe ndikunena. Ine ndidasiya kugula mitolo ya mitengo yachilengedwe pamsika, ngakhale mtima umakhumbira ndikaiona.

Bulugama wouma bwino amayaka mwamphamvu, ndipo ukadula chitsa chimaphukira, patapita zaka zingapo udulanso. Kungoti asabzalidwe pafupi ndi chitsime kapena dimba, amamwa madzi kwambiri. Keshya naye amaphukira, ndipo nthambi zake n'zoyenerera khomo la mbaula popanda kuwaza. Malayina ndi opepuka, amangoti lawilawi n'kutha, koma madzi a tiyi amawiritsa. Paini ndiye tili naye wambiri kuno chifukwa cha nkhalango za Chongoni ndi phiri la Dedza, ndipo zigwagwa zake zimapezeka motchipa. Ndi wabwino pokolezera chifukwa cha utomoni, koma amathetheka, ndipo khitchini ikakhala yaudzu kapena mwana ali pafupi, uzikhala maso. Utomoni womwewo umadetsa mapoto ndi kuchulukitsa mwaye kutsindwi. Zitsononkho ndi mapesi tisazinyoze. Pamafuwa zimatha msanga, koma m'mbaula ya dothi, momwe kutentha sikuthawira m'mbali, zitsononkho zodzaza lichero zimaphika phala la ana onse.

Chomwe ndikupempha amayi anzanga kuti tisiyiretu ndi kukolezera moto ndi majumbo. Ndikudziwa, m'dzinja udzu uli wonyowa jumbo imagwira moto msanga. Koma fungo lija lokha likuuza kuti si chinthu cholowa m'chifuwa cha mwana. Chimodzimodzi matabwa openta ndi mapolo opakidwa mankhwala a chiswe. Kagawo ka paini kowaza ngati chala kamagwira ntchito yomweyo.

Nkhuni titakonza, tidaonanso kuti khitchini yathu inalibe potulukira utsi kupatula pakhomo. Tidachotsa njerwa zinayi chakumwamba kwa khoma, kumbuyo kwa mbaula, ndi ziwiri chapansi mbali inayo kuti mpweya uzilowa. Phulusa timawola m'mawa uliwonse, chifukwa likadzaza limatseka mpweya pansi pa nkhuni. Pakati pa poto ndi mlomo wa mbaula pamafunika mpata wolowa chala, poto akatseka ndithithi moto umabanika. Mng'alu ukaoneka timamata tsiku lomwelo. Lero mtolo womwe unkatha masiku awiri umatifikitsa anayi, nthawi zina asanu, ndipo mdzukulu uja amagona mpaka kucha.

Boma lidalengeza mu 2013, nthawi ya Mayi Joyce Banda, kuti pofika 2020 mabanja akhale atalandira kapena kumanga mbaula zamakono 2 miliyoni. Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja oposa atatu mwa anayi alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni. Tsono nkhaniyi si ya anthu ochepa. Palinso kafukufuku yemwe adachitika ku Chikwawa ndi ku Chilumba, komwe mabanja adapatsidwa mbaula zamakono zokhala ndi fani, koma chibayo pakati pa ana sichidatsike. Ine sizidandidabwitse, poti ndidakhalapo mwezi wathunthu ndi mbaula yatsopano m'khitchini yodzaza utsi.

N'chifukwa chake ndikupempha alangizi a zankhalango ndi a zaumoyo omwe amabwera m'midzi mwathu kuti pophunzitsa kaumbidwe ka mbaula azitenganso zikuni ziwiri, chachiwisi ndi chouma, n'kuziyatsa anthu akuona. Azilowanso m'khitchinimo n'kuyang'ana kutsindwi. Ndipo inu Akonzi, chisanu chikamayandikira muzitikumbutsa kuti mbaula ya makala isagone m'nyumba yotseka zitseko ndi mawindo. Mpweya wake suoneka, sununkha, ndipo umapha anthu ali m'tulo. Kuno ku Dedza usiku wa mu Julayi chiyeso choilowetsa kuchipinda chimakhala chachikulu, makamaka m'nyumba momwe muli khanda.

Mayi wowerenga nyuzipepala yanu,
Bembeke, Dedza