Kamba wa paulendo wapansi tiziukonza moganizira anzathu

Akonzi,

Ndiloleni ndiyankhulepo pa nkhani ya kamba, chifukwa achinyamata ambiri ayamba kukonda maulendo ataliatali apansi atabereka zikwama kumsana, koma zimene amalongedza m'zikwamamo sitizikambirana kwenikweni.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinali m'gulu la anthu asanu limene linanyamuka ku Monkey Bay mbandakucha kulowera ku Chembe, ku Cape Maclear, mtunda wa makilomita oposa 20. Njirayi imadutsa m'mapiri a Lake Malawi National Park, malo amene anakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1984. Ine ndinayamba ndi kulakwitsa, pakuti ndinadya nsima yambiri tisananyamuke, ndipo chitunda choyamba ndinachikwera thupi lili lolemera ngati thumba la chimanga.

Dzuwa lili paliwombo tinakhala pansi pa mlambe, aliyense n'kumasula chikwama chake. Mlendo wa ku Germany, amene ankadya pang'onopang'ono ola lililonse, anapeza chokoleti chake chitasungunuka, moti anachita kunyambita pepala. Mnyamata wa ku Blantyre anali ndi mabisiketi ndi zakumwa zotsekemera zokhazokha, ndipo pofika nthawi imeneyi madzi ake anali atatha, milomo itauma gwa. Koma bambo wachikulire wa ku Chembe amene ankatitsogolera anatulutsa chinangwa chophika, usipa wamchere, mtedza wokazinga ndi chigubu cha thobwa. Iwowo ndi amene anafika kunyanja akuyenda mwamphamvu ngati angonyamuka kumene. Chifukwa chake n'chodziwika: munthu akamatuluka thukuta amatayanso mchere wa m'thupi, ndipo usipa umaubwezeretsa, pamene shuga amapereka mphamvu yosakhalitsa n'kumusiya munthu ndi ludzu.

Chimene chandichititsa kulemba kalatayi, komabe, ndi soseji. Amene anakonza ulendowu anagula soseji kuti tigawane tonse, osafunsa kuti ndi ya nyama yanji, chikhalirecho kuno ku Mangochi anthu ambiri ndi Asilamu ndipo sadya nkhumba kapena nyama yosazingidwa mwachipembedzo chawo. Atawapatsira bambo aja, anangolandira mawu ndi manja awiri n'kunena kuti, "Zikomo achimwene, ine ndakhuta." Akanapanda kunyamula kamba wawo, bwenzi atayenda theka lotsalalo ndi njala, osadandaula kwa aliyense. Ndinachita manyazi, chifukwa ine ndine wa konkuno ndipo ndinayenera kuchenjeza tisananyamuke.

Palinso zinyalala. Tisanachoke pamlambepo, anyani anali atafika kale n'kukhala pamiyala kudikira mapepala a mabisiketi, umboni wakuti anthu odutsa anawazoloweza. Boma linaletsa mapulasitiki opyapyala mu 2015, koma majumbo akadali mbwee m'mbali mwa njira ya m'paki. Makoko a mtedza amaola okha, pamene jumbo limakhala mpaka mvula italikokolera m'nyanja mmene muli nsomba za mbuna zimene alendo amabwera kudzaona.

Pempho langa kwa onse okonza maulendo otere ndi lakuti azifunsa aliyense pasadakhale zimene amadya ndi zimene sadya, azigula kamba kwa amayi a pamsika wa Monkey Bay, ndiponso aziika m'chikwama chilichonse kathumba kobwererera nako zinyalala.

Ine wowerenga wanu,
Monkey Bay, Mangochi