Amayi tisamangosungitsidwa bokosi la ndalama, mpando nawo tipatseni

Akonzi,

Ndiloleni ndidandaule kudzera m'nyuzipepala yanu. Ndine mayi wa ana atatu, ndipo ndagwira ntchito ya ulembi zaka 11 pa kopaletivi ina ya alimi a mbatata ya kachewere kuno ku Bembeke.

Thumba lililonse lolowa kapena kutuluka ndimalemba ndine. Ndimadziwa mlimi amene ali ndi ngongole ya feteleza, ndimadziwanso mavenda a ku Lilongwe amene amalipira bwino ndi amene amakonda kuzemba. Manijala wathu atasiya ntchito ndinagwirizira udindo wake miyezi isanu ndi umodzi, osasowa ngakhale tambala imodzi. Itafika nthawi yosankha wolowa m'malo, akuluakulu a komiti anatenga mnyamata amene ndinamuphunzitsa ndekha kulemba malisiti. Nditafunsa chifukwa, bambo wina anandiyankha mwaulemu ndithu kuti, "Mayi, inu muli ndi khanda kumbuyo, simungathe kumaperekeza galimoto ku Lizulu m'bandakucha." Palibe anandifunsa ngati ndingathe. Chonsecho miyezi yonse ija ndinkapita ku Lizuluko, ngakhale m'chisanu cha Juni, mwana ndikumusiya ndi agogo ake.

Mnyamatayo ndilibe naye mangawa, ndi wakhama. Chikundiwawa ndi chizolowezi chathu. Yang'anani makomiti a sukulu, a mjigo, a tchalitchi: msungichuma amakhala mayi, chifukwa aliyense amati amayi sadya ndalama za gulu. Koma wapampando amakhala bambo. Pamsonkhano mayi yemweyo ndi amene amauzidwa kukawiritsa tiyi, pobwera n'kupeza mfundo zamangidwa kale. Tingamukhulupirire bwanji munthu pa ndalama, n'kumukayikira pa nzeru?

Ife a ku Dedza sitiyenera kufuna chitsanzo kutali. Kunsi kwa mapiri athuwa, ku Mtakataka, malemu Inkosi Theresa Kachindamoto anagwira ntchito ya ulembi zaka 27 pa koleji ina ku Zomba asanaitanidwe kudzalowa ufumu mu 2003. Anathetsa maukwati a ana mazanamazana, kubwezera atsikana kusukulu, mpaka kuimitsa mafumu ang'onoang'ono amene ankalekerera mchitidwewo. Akuluakulu a kubanja kwawo akanati mlembi sangalamule, atsikana onsewo bwenzi ali kuti lero? Dziko lino lakhalapo ndi Pulezidenti wamayi, a Joyce Banda, kuyambira 2012 mpaka 2014, ndipo mu 2019 a Catherine Gotani Hara anakhala Sipikala wa Nyumba ya Malamulo. Koma zimenezi sizinatsikire m'maofesi ang'onoang'ono ngati yathuyi.

Malamulo alipo. Lamulo la 2013 loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi limati polemba anthu ntchito m'boma, amuna kapena akazi asapitirire 60 pa 100 alionse ndipo asachepere 40. Lamulo la ntchito limapatsa mayi tchuthi cha uchembere cha masabata asanu ndi atatu akulandira malipiro ake onse. Ine tchuthicho ndinapatsidwa, sindinganame. Koma chimene ndaona n'chakuti ukachitenga, anthu amachisunga mumtima, n'kudzakukumbutsa tsiku lokweza anthu pa udindo. Atsikana awiri amene ndimagwira nawo ntchito aona zimene zandichitikira, ndipo mmodzi wandiuza kuti sadzafunsiranso udindo uliwonse. Mawu akewo andipweteka kuposa mpando umene ndinamanidwa.

Ndikupempha a ofesi ya zantchito ndi alangizi a makopaletivi m'boma lino kuti akamayendera magulu asamangowerenga mabuku a ndalama. Azifunsanso kuti wapampando ndi ndani, manijala ndi ndani, ndipo anasankhidwa motani. Ndipo inu abambo a m'makomiti, musatiyankhire. Tifunseni, za mwana tidzanena tokha.

Udindowu ukadzatsegukanso, kalata yanga idzakhala yoyamba kufika patebulo la komiti, ndipo mtsikana uja ndamuuza kuti alembenso yake.

Mayi wokhudzidwa,
Bembeke, Dedza