Kalata ya ku Joni: Elo yako, nguluwe ndi anthu a pa chat

Aise,

Kalata yako ndalandira. Za umoyo wako walemba mzere umodzi, za Elo yako, nambala yoonetsa mphamvu zako pa masewero, tsamba lonse. Ukuti chiyambireni kupanga live ya masewero a pa kompyuta a Age of Empires II pa Twitch, pomwe anthu amaonera n'kumalemba pa chat, ukungogonja, ndipo ukati ulimbikire kuti upambane umangoti zii, oonera n'kumachoka mmodzimmodzi. Kuno tili bwino. Chinkhoswe cha mlongo wako chinayenda, amalume ako analankhula mpaka nsima kuzizira. Koma tiyambe ndi nguluwe.

Alamu ako akuti anaonera Loweruka, ndipo nguluwe ya m'masewero inapha villager wako, munthu wokugwirira ntchito, iwe uli kalikiliki kuyankha munthu wofunsa ngati ku Joni kukuzizira. Akuti mawa lake inaphanso wina. Panopa kunyumba kwanu nguluweyo ndi yotchuka kuposa iwe, ana akumafunsa kuti isewera liti. Mankhwala ake ndi osavuta. Villager ali ndi HP (moyo) 25 basi, Loom, yomwe umagula mu TC (Town Center, nyumba yotulutsa ma villager), imaikweza kufika 40 ndipo mtengo wake ndi golide 50 yekha. Akatswiri amaichedwetsa kuti TC isaime, koma iwe amene maso ako amathawira ku chat, igule usanatume munthu kukaputa nguluwe. Ena akhale atayembekezera kale pansi pa TC, ndipo wokokayo akatsala pang'ono kufa, mulowetse m'kati. Nguluwe imodzi ndi chakudya 340. Mpaka nguluwe zako ziwiri zonse zitagwa, chat usaiyang'ane, ngakhale atalemba ndi apongozi.

Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo pano masamu ake alipo. Villager amatuluka mu TC pa masekondi 25 a m'masewero, koma ranked, yowerengera Elo, imathamanga pa liwiro la 1.7, ndiye pa wotchi yako ndi masekondi pafupifupi 15. Kuwerenga uthenga umodzi wautali n'kuuyankha, TC ili chiimire, munthu mmodzi wapita. Ukatero kanayi mu Dark Age, nyengo yoyamba ya masewero, ulowa yachiwiri ya Feudal uli ndi anthu anayi ochepa poyerekeza ndi mdani wako, ndipo pa mapu a Arabia ngongole imeneyo imakutsata mpaka mapeto.

Sindikuti ukhale chete. Kulankhula ndi kucheza n'zosiyana. Manja akamagwira ntchito, pakamwa pazingonena zomwe ukuchita: ndikumanga nyumba, ndaona golide wake ali kutsogolo, ndikufuna ma archer chifukwa chakutichakuti. Zimenezi sizichotsa maso pa masewero, ndipo oonera ambiri amabwerera zomwezo. Kucheza kwenikweni kuli ndi mipata yake. Ukadina Feudal TC imakhala yotanganidwa masekondi 130, ukadina Castle, nyengo yachitatu, 160. Ntchito imakhalapobe, koma ukhoza kuba mauthenga awiri atatu. Mpata waukulu ndi pamene ukudikira mdani wina. Pamenepo tsegula replay, uwaonetse pomwe zinakhotera, ufunse maganizo awo. Uwauze dongosololi poyera, ulilembenso pansi pa kanema, kuti wina asamaone ngati wayamba matama.

Za anthu okuzonda zija. Zoona, mdani akhoza kutsegula live yako n'kuona pomwe pali nkhuni zako ndi zomwe ukumanga. Mu OBS, pulogalamu yopangira live, pa Settings, Advanced, pali Stream Delay. Ukaika mphindi ziwiri kapena zitatu wozondayo amaona zakale, koma chat nayonso yafa, chifukwa nthabwala yako imawafika nkhondo itatha kale. Ine ndingati delay uisungire mpikisano weniweni. Masiku wamba ungophimba sikirini ndi chithunzi pamene uli pa mzere wodikira, kuti asadziwe nthawi yomwe walowa. Komanso pepa, pa Elo yakoyo amene akukuzonda ndi alamu ako okha.

Tsono zopusa zija anthu amakupempha, monga kusankha mtundu wa Persians, kugwetsa TC yako n'kukaimanga pakhomo pa mdani. Zimaseketsa, ndipo nthawi zina zimatheka poti TC ya Persians ili ndi HP yowirikiza kawiri. Koma ndi nkhuni 275 ndi miyala 100, anthu ako akuyenda ulendo wautali osatola kanthu, ndipo mdani akaona msanga watha. Katswiri TheViper wa ku Norway amachita zachibwana zotere n'kupambanabe chifukwa manja ake amabweza ngongoleyo. Ako sanafike pamenepo. Zipatse tsiku lake, mu lobby yopanda Elo, oonera alowemo nawo. Usatsegule akaunti yachiwiri yokamenyera ongoyamba kumene, anthu amadana nazo. Ndipo taona T90, wofotokozera masewerowa pa intaneti, ndi makanema ake a Low Elo Legends: amaonetsa osewera osadziwa kwenikweni, anthu n'kumaseka mpaka misozi. Chokoka anthu pamenepo ndi kafotokozedwe.

Kamera yako yaphimba manambala a chakudya pamwamba kumanzere, isunthe. Ndiponso 1080p ya 6000 kbps ija kuno imangozungulira. Tsitsa ufike 720p pa 3000 kbps. Ngakhale pamenepo ola limodzi limadya bandulo yoposa 1 GB, ndiye ukaona anthu akwanu achoka msanga usadandaule kuti wawatopetsa.

Amayi ako anamva mawu ako pa foni ya alamu ako, anangoti mwanayu akumveka wotopa. Sindinawayankhe. Umaweruka usiku, n'kukhalanso maola atatu ukusekerera anthu osawadziwa, kwinaku mtima uli pa Elo. Khirisimasi ubwera kapena tiziyang'anabe nguluwe?

Panali nkhani ya ma hotkey, mabatani achidule, makamaka yosankhira ma TC onse nthawi imodzi, chifukwa ukafika Castle uli ndi atatu ndiye kuti... magetsi athima, batire yatsala pang'ono. Zotsalazo Lamulungu.

Ndine mnzako uja.