Kalata yochokera ku Bergamo

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Ine ndili bwino, Mulungu akusunga. Uthenga wanu wa pa WhatsApp ndinaulandira, wonena kuti ku Johannesburg chisanu chavuta chaka chino. Ndinafuna kuyankha pomwepo, koma zimene ndili nazo sizingakwane pa foni, n'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndikulembereni bwinobwino.

Ndikulemba ndili ku Bergamo, kumpoto kwa Italy. Ndatenga tchuthi kuntchito ku Dublin, ndipo ndabwera kudzacheza kwa msuweni wanga uja, amene amasamalira agogo ena achitaliyana kuno. Ndege inatera ku Orio al Serio. Pa tikiti amalemba kuti Milan Bergamo, koma bwalolo lili m'mphepete mwenimweni mwa Bergamo, pamene Milan ili kutali makilomita pafupifupi 50. Ambiri amene ndinatsika nawo anathamangira mabasi a ku Milan osatukula n'komwe maso kuona mzinda uli paphiri, nsanja zake zikuonekera patali. Anandimvetsa chisoni.

Dzina la Bergamo inu ndi ine tinayamba kulimva tili atsikana ku Balaka, kungoti sitinkadziwa kuti ndi malo otani. Ambuye Alessandro Assolari, episkopi woyamba wa Mangochi kuyambira 1973, kwawo kunali ku Scanzorosciate, mudzi umene uli kunja kwa mzinda pang'ono. Ambuye Alessandro Pagani, amene anakhala pampandowo kuyambira 2007, anabadwira ku Torre Boldone, kumene basi ya m'tauni imafika. Bambo Mario Pacifici a ku Andiamo ndi Alleluya Band, komanso Bambo Piergiorgio Gamba a ku Montfort Media, onsewo ndi ana a chigawo chino. Mukamawerenga zikwangwani za mumsewu mumakumana ndi maina a mabanja amene tinkawamva paguwa.

Lamulungu msuweni ananditengera ku Redona, kumene kuli nyumba ya ansembe a Montfort, ndipo ena amene anakalamba ali kuntchito kwathu akupumira kumeneko. Tinapeza bambo wina wokalamba kwambiri atakhala pa njinga ya olumala pamthunzi, manja akunjenjemera. Msuweni atanena kuti ndine wa ku Malawi, bamboyo anandiyang'ana n'kufunsa m'Chichewa chomveka bwino kuti, "Kwanu n'kuti, mayi?" Ndinati ku Balaka. Iwo anati, "Balaka wake uti? Ku Utale, ku Kankao, kapena ku Ulongwe?" Achemwali, misozi inangolengeza. Anafunsa za mvula ya chaka chino, anafunsa kuti thumba la chimanga likugulidwa bwanji, anafunsa ngati mseu wina umene ankauyenda pa njinga yamoto unakonzedwa. Anandigwira dzanja osafuna kulisiya.

Tili ana tinkaona ansembe amenewa ngati anthu opanda kwawo, ngati anangotuluka mu sakirisitiya ali ndi ndevu kale. Kuno ndaona kwawo. Kuli mapiri obiriwira, minda ya mpesa, madzi otsika kuchokera kumapiri chaka chonse, ndi abale amene amadyera limodzi Lamulungu lililonse. Anasiya zonsezi ali anyamata, nthawi imene kalata inkatenga milungu kuti ifike, ndipo ena makolo awo anaikidwa iwo ali ku Mangochi. Ife amene tinachoka kwathu tikudziwa kulemera kwake, ngakhale tili ndi foni m'manja tsiku lililonse. Ndipo tsopano bambo aja ali kwawo, koma mtima uli ku Utale. Zimenezi zandikhala m'mutu masiku onsewa, ndipo nzimene zandilembetsa kalatayi.

Koma ndikuuzeni za dzuwa, chifukwa ndi limene likulamula zonse kuno mwezi uno wa Julayi. Bergamo ili pamene mapiri a Alps amathera n'kuyamba chigwa chachikulu cha mtsinje wa Po. M'chigwamo mphepo siyenda, chinyontho chimangokhazikika, moti kutentha kukapitirira madigiri 30 munthu umatuluka thukuta uli chikhalire, ukasamba n'kudzipukuta thupi limanyowanso pomwepo. Kunja kumacha 6 koloko isanakwane, ndipo dzuwa limalowa cha m'ma 9 koloko usiku. Eni ake amadziwa kukhala nalo. M'mamawa amatsegula mawindo onse kuti kamphepo kalowe, dzuwa likangokwera amatseka ndi kutsitsa zotchinga, m'nyumba mumachita mdima mpaka madzulo. Masitolo ang'onoang'ono amatseka masana n'kudzatsegula cha m'ma 3 koloko kapena kupitirira. Mukatuluka nthawi imeneyo mumsewu mumangopeza alendo okhaokha, nkhope zili psuu, akufunafuna mthunzi.

Ntchito ya msuweni imakula nyengo ino. Okalamba samva ludzu msanga, ndiye tsiku lonse amayenda pambuyo pa agogo aja ndi kapu ya madzi, kuwanyengerera kuti amweko pang'ono, kuwadulira chivwende, kuwapukuta pakhosi ndi kansalu konyowa. Anthu kuno sanaiwale chaka cha 2003, pamene kutentha kunapha okalamba zikwizikwi mu Italy ndi France, ambiri ali okha m'nyumba zotseka. Nkhani za pa TV zimakumbutsa tsiku ndi tsiku kuti okalamba ndi ana asatuluke masana. Nthawi zina chakumadzulo mitambo imada kumapiri, kenako kumabwera chimvula cha ziphaliwali, mwina ndi matalala amene amaphwanya magalasi a magalimoto ndi kuwononga mbewu. Ikatha kumazizira bwino usiku umodzi, mawa lake kutentha kwayambiranso. Udzudzu uliponso, wina wakuda wa mizere yoyera umene umaluma masana, koma malungo anatha kale m'dziko lino.

Mzindawu uli pawiri. Kumunsi, ku Città Bassa, ndi kumene kuli siteshoni ya sitima, maofesi ndi masitolo. Mzinda wakale, Città Alta, uli pamwamba pa phiri, wozunguliridwa ndi linga. Kukwera kumeneko mumalowa m'kangolo kokokedwa ndi chingwe panjanji yotsetsereka, kamene kakhala kakugwira ntchito kuyambira 1887, ndipo tikiti yake ndi yomweyo ya basi. Mphindi zochepa chabe mwafika, ndipo mumamva kusintha, chifukwa kumtunda kumakhala kamphepo ndipo tinjira take n'topanikizika, dzuwa silifika pansi. Ine ndimakwera m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka. Masana ndimakhala m'nyumba kucheza ndi agogo aja ndi manja.

Lingalo analimanga a ku Venice, amene ankalamulira mzindawu, kuyambira 1561 mpaka 1588, ndipo pamwamba pa zipata pakadali chizindikiro chawo, mkango wa Marko Woyera. Kuti limangidwe anagwetsa nyumba zoposa 200 ndi matchalitchi, kuphatikizapo tchalitchi chakale cha Alessandro Woyera, nkhoswe ya mzindawu. Ndipo adani amene ankawaopawo sanabwere n'komwe kudzalizinga. Ndimaganizira mabanja amene anachotsedwa m'nyumba zawo nthawi imeneyo, sindikudziwa kuti anawatonthoza ndi chiyani. Lero lingali lili pamndandanda wa UNESCO wa malo a mbiri oyenera kutetezedwa kuyambira 2017, ndipo madzulo anthu amakhala pamenepo miyendo ili lendelende, kuyang'ana chigwa chonse. Pabwino kwambiri ndi pa Porta San Giacomo, chipata cha mwala woyera.

Pakati pa mzinda wakale pali bwalo la Piazza Vecchia, lokhala ndi kasupe pakati ndi nsanja yaitali ya belu imene amati Campanone. Usiku uliwonse 10 koloko ikakwana beluyo amalira ka 100. Kale kunali kuchenjeza anthu kuti zipata zikutsekedwa, amene ali kunja afulumire. Zipata sizitsekedwanso, koma belu sanasiye. Nthawi imeneyo m'chilimwe bwalo limakhala lodzaza, ana akuthamangitsana, makanda ali m'tingolo tawo, agogo atakhala pamasitepe akudzikupiza, chifukwa ndi nthawi yokhayo imene munthu angapume mpweya wabwino. Belu akayamba, alendo amasiya kulankhula n'kuyamba kuwerenga, eni mudzi amangokweza mawu n'kupitiriza nkhani zawo.

Kuseri kwa bwalolo kuli tchalitchi cha Santa Maria Maggiore, chimene anayamba kumanga mu 1137 pokwaniritsa lonjezo kwa Amayi Maria pa nthawi ya mliri. Chilibe khomo kutsogolo, mumalowera m'mbali, pakati pa mikango ya mwala. Kunja n'chosaoneka zambiri, koma mukalowa mumasowa poyang'ana: denga lonse ndi golide ndi zithunzi, m'makoma mwapachikidwa nsalu zikuluzikulu zolukidwa nkhani za moyo wa Maria, ndipo pafupi ndi guwa pali zithunzi zopangidwa ndi tizidutswa ta matabwa a mitundu yosiyanasiyana, zimene anazilinganiza katswiri wojambula Lorenzo Lotto. Ndinaima nthawi yaitali pa cha chingalawa cha Nowa, osamvetsa kuti madzi ndi mitambo zingatuluke bwanji m'thabwa. Manda a Gaetano Donizetti, wopeka nyimbo wobadwira kuno mu 1797, ali momwemo. M'katimo n'mozizira, miyala imasunga chisanu. Salola kulowa mapewa ali pamtunda ngakhale kutenthe chotani, ndiye chitenje changa chandithandiza kwambiri, ndipo amayi ena achitaliyana anachigwira n'kufunsa kumene ndinachigula. Pambali pake pali kachisi wa Bartolomeo Colleoni, mkulu wa asilikali amene anadzimangira manda a miyala yofiirira ndi yoyera. N'ngokongola, koma mtima wanga sunakhalepo.

Za chakudya mungasangalale nazo. Anthu a kuno ndi odya chimanga. Polenta yawo ndi nsima ndithu, kungoti ufa wake ndi wachikasu ndi wamiseremisere, amathira mchere, ndipo amavundula nthawi yaitali, pafupifupi ola lathunthu, mumphika wa mkuwa. Ikapsa amaikhuthulira pathabwa n'kumadula, ndiwo yake nyama ya kalulu, soseji kapena tchizi. Ina amati taragna, amasakaniza ndi ufa wakuda, batala ndi tchizi, yolemera kwambiri, si ya nyengo yotentha ino, komabe Lamulungu mwana wa agogo aja anaphika kuti ndilawe. Ndinamva kuti zaka za m'ma 1800 alimi osauka a kuno ankadya polenta yokhayokha m'mawa ndi madzulo opanda ndiwo, mpaka ambiri anadwala pellagra, matenda osupula khungu ndi kusokoneza mutu, omwe aja amatuluka kwathu chaka cha njala. Ansembe athu aja anachokera m'mabanja amene agogo awo anaona zimenezi. Ndikuganiza kuti n'chifukwa chake sankachita nazo manyazi zokhala pamphasa n'kudya nafe.

Chimanga chikadalimidwa kwambiri m'chigwa. Pa sitima yopita ku Milan ndinaona minda yobiriwira bii, chimanga chotalika kuposa munthu, chikumwa madzi a m'ngalande zochokera m'mitsinje ya Adda, Brembo ndi Serio, zina zokumbidwa zaka mazana apitawo. Chambiri chimapita kwa ng'ombe za mkaka. Mtima unandiwawa nditakumbuka munda wa amayi umene unafota ngayaye zitangotuluka.

Pali chinanso chimene simungachione mukangoyenda m'misewu, koma chili m'nyumba iliyonse. Mukukumbuka zithunzi za magalimoto a asilikali atandandana usiku, atanyamula mabokosi a maliro? Zinali kuno, pa 18 Marichi 2020, nthawi ya mliri wa COVID-19, pamene malo otenthera mitembo analephera kukwanitsa. Nyuzipepala ya kuno, L'Eco di Bergamo, inafika podzaza masamba 10 ndi zidziwitso za maliro tsiku limodzi. Dayosizi inataya ansembe oposa 20 m'milungu yochepa. Msuweni anali kuno nthawi imeneyo, akuti usana ndi usiku kunkangomveka ma ambulansi ndi mabelu, ndipo anthu ankaikidwa popanda mwambo, popanda wachibale wogwira dzanja. Amuna a agogo amene akuwasamalirawa anapita choncho. Pafupi ndi chipatala chachikulu, ku Parco della Trucca, anabzala mitengo ya chikumbutso, Bosco della Memoria. Tinapitako madzulo ena. Mitengo yake ikadali yaing'ono, mthunzi wake n'ngochepa, koma tinapeza anthu atakhala pamenepo.

Ku Sotto il Monte, kwawo kwa Papa Yohane XXIII, ndinapitako mwachidule. Anabadwira m'nyumba ya alimi olima munda wa eni ake mu 1881, ndipo chipinda chake chikadalipo, chopanda kanthu kwenikweni. Alamu muwauze kuti ndadutsa pa bwalo la Atalanta, timu imene inatenga Europa League mu 2024 Ademola Lookman atamwetsa zigoli zitatu, kungoti mwezi uno kulibe masewera. Ana muwauze kuti ndadya ayisikilimu wa stracciatella, wa mkaka wokhala ndi tizidutswa ta chokoleti, pa La Marianna pomwe anayambira mu 1961.

Munanena kuti mukufuna tidzakumane kuno chaka chamawa. Ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse, koma tisasankhe pakati pa Ogasiti. Pa 15 ndi Ferragosto, tsiku la kutengedwa kwa Amayi Maria kumwamba, ndipo milungu yozungulira tsikulo anthu amathawira kumapiri ndi kunyanja, masitolo ambiri amatseka, mitengo ya ndege imakwera. Kumayambiriro kwa Juni kapena mu Seputembala n'kwabwino, ndipo mapazi anu otupa aja sangavutike. Za viza ya Schengen muyambe msanga, msuweni wati kalata yokuitanani alemba. Mudzatenge nsapato zafulati chifukwa misewu ya kumtunda ndi ya miyala yobulungira. Mudzatengenso chithunzi chija cha ukwati wa makolo anu ku Utale, bambo aja anandipempha kuti akufuna aone ngati angazindikire wansembe amene ali pamenepo, ndipo ndinawalonjeza. Ngati mungathe, chijambuleni pa foni munditumizire sabata ino ndisananyamuke, poti ndi okalamba kwambiri.

Mupereke moni kwa alamu, kwa ana, ndi kwa amayi mukawaimbira.

Ine wanu,
Nambewe