A Meya, tiyezereni madenga a mumzinda muno

Olemekezeka a Meya,

Ndikulemberani za madenga. Mzinda ukukula, nyumba zikungomera, denga lililonse likupsa ndi dzuwa tsiku lonse koma ukafunsa kuti kodi pamwambapo pangatuluke magetsi ochuluka bwanji, aliyense amangoti ambiri. Ambiri si nambala bwana. Pempho langa ndi loti khonsolo iyeze madenga onse, ipange mapu, iwaike pa intaneti aliyense aziona ulere.

Masamu oyambira ndi osavuta. Dzuwa likaswa mtengo sikweya mita imodzi imalandira mawati pafupifupi 1000, panelo ya sola ya masiku ano imatembenuzapo ngati 20% kukhala magetsi, ndiye mawati 200, kutanthauza kuti kilowati imodzi imafuna malo a masikweya mita 5 kapena kuposerako pang'ono. Pomwe anthu amasochera ndi apa, amatenga kukula kwa madenga onse n'kungochulukitsa basi, nambala n'kutuluka yonona yokoma kuwerenga pamsonkhano koma yosathandiza munthu.

Tumani munthu akwere padenga limodzi aone. Apa thanki ya madzi, apa dishi, uko mtengo wa aneba kapena nyumba yosanja ikugwetsa mthunzi dzuwa likangopendeka, ndipo mthunzi ukagwera panelo imodzi umatha kufooketsa mzere wonse umene yalumikizidwa nawo. Ndiye palinso mbali imene denga layang'ana, kum'mwera kwa ikweta panelo imafuna kuyang'ana kumpoto, kumpoto kwa ikweta iyang'ane kum'mwera. Madenga ena ndi otopa, mitengo yake inafumbwa kalekale, panelo imodzi ndi makilogalamu 20 kapena kuposa, sungasanjepo khumi n'kumagona mtima uli m'malo.

Ku America bungwe la NREL, lofufuza za mphamvu ngati ya dzuwa ndi mphepo, linayeza zimenezi mu 2016 ndi LiDAR, makina a leza oyeza msinkhu wa nyumba ndi mitengo kuchokera m'ndege, m'mizinda 128. Anapeza kuti pa nyumba zing'onozing'ono ndi 26% yokha ya malo apadenga imene ili yoyenera mapanelo. Komatu ngakhale atachotsera choncho, madenga a dziko lonselo angathe kupereka magetsi ofika 39% ya amene ankagulitsidwa kumeneko pachaka nthawi imeneyo. Nambala yosefedwa chonchi ndi imene ine ndikufuna, chifukwa banki ikhoza kuikhulupirira, mwini fakitale akhoza kupangirapo bajeti.

Musaiwale kuchotsanso zotayika. Fumbi limadya, inveta (makina osintha magetsi a panelo kuti agwire ntchito m'nyumba) ndi mawaya zimadya, ndipo panelo ikatentha kupitirira madigiri 25 mphamvu yake imatsika pang'onopang'ono, anthu ambiri sadziwa zimenezi amaganiza kuti kutentha ndiye magetsi.

Kuchuluka kwa dzuwa musalipire nako munthu, Global Solar Atlas ya World Bank, yoonetsa pa intaneti mphamvu ya dzuwa dera lililonse, ilipo kale yaulere. Chomwe ilibe ndi denga langa ndi lanu, chimenecho ndiye ntchito ya khonsolo, ndi zithunzi za droni kapena satelayiti komanso mapulani a nyumba amene muli nawo kale m'mafayilo. Yambirani madenga akuluakulu, masukulu, zipatala, mafakitale, misika, ndipo chonde muitane a kampani ya magetsi akhale nanu pa tebulo kuyambira tsiku loyamba, anene thiransifoma iliyonse ingalandire magetsi ochuluka bwanji kuchokera kumadengako isanayambe kuvuta.

Ine wanu,
Mmodzi wa okhala mumzinda muno