Ofufuza za njoka zam'mimba azibwera kudzatiuza zomwe apeza

A Mkonzi,

Madokotala ofufuza za njoka zam'mimba ndi kunyentchera kwa ana aziyamba kuuza ife eni ana zomwe apeza, asanakwere ndege kukazifotokoza kumisonkhano yakunja.

Ndimaphunzitsa kufupi ndi Nyanja ya Chilwa. Chaka china kunabwera ofufuza ndi timabotolo tawo, ana n'kupereka chimbudzi ndi mkodzo. Makolo anasaina, ena anadinda chala. Mpaka lero kuli zii. Mayi wina akandipeza pamjigo amandifunsabe kuti, "Aphunzitsi, kodi mwana wanga uja anam'peza nazo?" Ine kukamwa yasa.

Sindikunyoza kafukufuku ayi. Chiponde chomwe chikupulumutsa ana onyentchera chinayesedwa kuno ku Malawi ndi madokotala monga Mark Manary. Ndi ofufuzanso amene anatitsegula maso kuti njoka zina zimalowera kuphazi kwa mwana wosavala nsapato n'kukayamwa magazi m'matumbo, moti angadye phala la Likuni m'mawa uliwonse, amakhalabe wofooka, wosinza m'kalasi. Paja kafukufuku wa 2015-16 anapeza kuti ana 37 pa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno anali opinimbira.

Koma mankhwala opha njoka zam'mimba a albendazole paokha n'kutunga madzi ndi dengu. Mwana wamwa lero, mawa wapondanso dothi lomwe lija kuseri kwa zimbudzi zodzadza.

Unduna wa Zaumoyo usamalole kafukufuku wopanda dongosolo lobweza zotsatira kwa makolo, m'chilankhulo chawo, kudzera mwa alangizi a zaumoyo. Pa ndalama za kafukufukuyo pazikhalanso kagawo kokumbira zimbudzi pasukulu pomwe atengapo timabotolo.

Mphunzitsi wokhudzidwa,
Zomba