Si foni imene inatiphunzitsa kukhulupirira manong'onong'o

Akonzi,

Ndiloleni kampata m'nyuzipepala yanu ndiwayankheko achinyamata amene akutinena ife okalamba kuti foni zatizunguza mitu. Amatinena m'minibasi, pa wailesi, ngakhale pasiwa: ati agogo akangogwira WhatsApp, chilichonse chafika amangomeza osatafuna, n'kuchiponya pa gulu la banja tambala asanalire. Sindikukana ayi. Ine ndadutsa zaka 70, ndimakhala ku Matawale, ndipo ndili pa gulu la kumpingo, la anzanga opuma pa ntchito, ndi la kwathu ku Jali. Zodutsa m'menemo ndimaziona. Katemera ali ndi 666. Nsanja za foni ndizo zinabweretsa Covid-19. Bill Gates akufuna kutha anthu akuda. Otumiza zimenezi ndi anthu aulemu wawo: wina anali mphunzitsi wamkulu, wina namwino, wina ankasainira ndalama za boma. Mutu wawo ukugwira bwinobwino. Ndiye musanaseke, funsani kaye kuti anthuwa anakulira m'dziko lotani.

Ife tinakula ndi wailesi imodzi, MBC. Wailesi ya kanema inadzabwera mu 1999, ena a ife tili kale ndi zidzukulu. Nyuzipepala zinalipo, koma zinkanena zomwe eni dziko afuna. Nkhani yeniyeni sunkaimva pa wailesi. Unkaimva pa mpando wakumbuyo m'basi, kapena mnzako akamakuperekeza usiku, atayamba wacheuka uku ndi uku.

Mu May 1983 Nyumba ya Malamulo inali ikadali kuno ku Zomba. Nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, anagwidwa konkuno atatuluka ku zokambirana, nagonekedwa kundende ya Mikuyu. Boma linati anafa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza. Koma Zomba ndi tauni yaing'ono. Wapolisi ali ndi mlamu wake, woyang'anira ndende ali ndi mkazi wake wogula ndiwo pamsika womwewu. Pasanathe sabata tinali titatsinana khutu kale kuti ngozi imeneyo ndi ya pakamwa chabe. Ukanena mokweza, nawe ukanakagona ku Mikuyu komweko. Tinakhala nazo m'mimba zaka 11, mpaka bungwe lofufuza limene linakhazikitsidwa mu 1994 linadzapeza kuti anthu aja anachita kuphedwa. Wonama anali wailesi. Wonena zoona anali mlamu wa wapolisi uja.

Mu March 1992 kalata ya maepiskopi a Chikatolika itawerengedwa m'matchalitchi, boma linati aliyense wopezeka nayo wapalamula mlandu. Tinkaipinda n'kuibisa m'sokosi, kupatsirana ngati mankhwala, ophunzira a ku Chancellor College akuguba m'misewu ya tauni ino. Chaka chotsatira, pa 14 June, tinavotera zipani zambiri. Mwina muti izo ndi zakale, za nthawi ya chipani chimodzi. Nanga 2012? A Bingu wa Mutharika anamwalira pa 5 April. Dziko lonse linali litamva kale kudzera m'mafoni, koma nduna zinaima pa kanema usiku n'kumatizungulira, ndipo chilengezo chinadzabwera pa 7 April.

Munthu amene waona zimenezi katatu kanayi m'moyo wake amatolapo phunziro limodzi, ndipo limalowa mpaka m'mafupa: chimene akuluakulu akukana mwamphamvu, mwina ndicho choona. Uthenga ukafika pa foni n'kuyamba ndi mawu akuti "izi safuna kuti mudziwe, mverani asanazichotse", kwa mwana wa zaka 20 ndi phokoso wamba. Kwa ife ndi mawu odziwika. Ndi mmene choonadi chinkafikira kale.

Apa ndiye ndisiyane nawo anzanga a msinkhu wanga, chifukwa phunziro lija tinalitenga theka. Timakumbukira nthawi zimene manong'onong'o anapherezera, n'kuiwala nthawi zimene ananama, ndipo ananama kambiri. Anthu akuphedwa usiku ku Chilobwe pakati pa 1968 ndi 1970, mphekesera inali yoti magazi awo akugulitsidwa ku South Africa pobweza ngongole za boma. Palibe anaonetsapo botolo ngakhale limodzi. Nkhani ya magazi yomweyo inadzukanso mu 2002, n'kudzukanso mu 2017 ku Mulanje, Phalombe, Thyolo ndi Chiradzulu ndi dzina la anamapopa. Anthu osalakwa anaphedwa ndi magulu olusa, alendo ongodutsa, ena odwala misala, mpaka bungwe la United Nations linachotsa antchito ake m'maboma ena. Namapopa mmodzi yemwe sanagwidwe ndi chipangizo chake. Za Mwanza zinali ndi mitembo, mayina, tsiku, ndi anthu amene anadzaima pamaso pa bungwe n'kunena zimene anaona ndi maso. Za anamapopa zinali ndi "ndamva kwa wina wa ku Migowi" basi. Kusiyana kwake n'kumeneko, ndipo n'kumene ife tasiya kuyang'ana.

China chimene achinyamata sachidziwa ndi ulemu umene ife tinaupereka kwa mawu olembedwa. Ine ntchito yanga inali yosindikiza. Ndinayamba nthawi imene tinkasanja zilembo zachitsulo, ndipo tsamba limodzi lisanatuluke linkadutsa m'manja mwa wosanja, wowerenga zolakwika, ndi bwana wosainira. Kalata yokhala ndi chizindikiro cha boma pamwamba ndi chidindo pansi sinkapangidwa ndi munthu wamba. Inkafuna makina, inki ndi chilolezo. Lero mnyamata wa Fomu 2 atakhala pakhonde ku Chinamwali atha kupanga kalata yoteroyo pa foni mphindi zochepa, chizindikiro, chidindo, siginecha, zonse. Maso athu sanaphunzitsidwe kukayikira chidindo. Mnzanga wina wa pa gulu la opuma pa ntchito akaona kalata yotere yonena za penshoni amaimba foni nthawi yomweyo, mawu akunjenjemera, ndipo ukamuuza kuti ndi yopeka amakufunsa kuti, "Nanga chidindochi achitenga kuti, achimwene?"

Koma choopsa kuposa kalata ndi voice note. Ambiri a ife maso anafooka, magalasi ndi odula, ndipo zolemba zambiri zotsutsa bodza zimabwera m'Chingerezi cha ku yunivesite. Pamene bodza limabwera m'Chichewa chomveka, nthawi zina m'Chiyao kapena m'Chilomwe, ndi mawu a mayi wina wopuma movutikira amene akuti ndi namwino pa chipatala china chachikulu ndipo sangatchule dzina poopa kuchotsedwa ntchito. Amayamba ndi moni, amatchula Mulungu, amamaliza ndi kuti "tumizani kwa onse amene mumawakonda". Ndipo amene wakutumizira si mlendo. Ndi amayi a Mvano amene munayimba nawo kwaya zaka makumi atatu, kapena mwana wa achemwali ako ali ku Johannesburg, amene amakutumiziranso ndalama ya feteleza. Pa chikhalidwe chathu, kukayikira uthenga ndi kukayikira wotumizayo. Ndani angayankhe abusa opuma kuti "izi ndi zabodza" anthu onse akuona?

WhatsApp inayesa kuchepetsa liwiro la zimenezi. Mu 2019 inaletsa kutumiza uthenga umodzi ku malo oposa asanu nthawi imodzi, ndipo mu 2020 inati uthenga woyendayenda kwambiri, umene umakhala ndi timivi tiwiri ndi mawu a Chingerezi pamwamba, uzitumizidwa kumodzi kokha. Kwa agogo timivi timeneto si chenjezo. Akauzidwa kuti tikutanthauza kuti uthengawu wadutsa m'manja ambiri, iwo amati ndiye kuti ndi woona, anthu onsewo sanganame.

Palinso nkhani ya ndalama, imene olemba za "kufufuza kaye musanatumize" amaiwala. Wa penshoni amagula kabandulo kotchipa ka WhatsApp yokha. Kabandulo kameneko kamakulola kulandira bodza lonse, mawu, zithunzi ndi kanema, koma ukadina pa linki kuti ukaone ngati nyuzipepala inalembadi zimenezo, sikatsegula. Ukufufuza ndi chiyani?

Ndinene chinanso chimene chimawawa kuchinena. Ukapuma pa ntchito, dziko limasiya kukufunsa nzeru. Kale nkhani zinkatsika kuchokera kwa akulu kupita kwa ana. Lero mdzukulu ndiye amakuikira nambala m'foni, amakutapira ndalama kwa ejenti, amakuuza kuti mtengo wa shuga wakwera. Ana ali ku Lilongwe, ku Mzuzu, ku Joni, amaimba Lamlungu ngati akumbukira. Tsiku ndi lalitali. Ndiye ukalandira chenjezo loti ana asabayitse katemera wakutiwakuti, mtima umati: apa pokha ndili ndi chowapatsa, ndiwateteze. Kutumiza kuja si kufalitsa bodza m'maganizo mwa wotumizayo. Ndi kulera. Galu wamkota sakandira pachabe, timadziuza tero, osadziwa kuti amene anajambula uthengawo amadziwanso kuti timadziuza tero.

Onjezanipo mantha. Ife ndife amene tinaika ana athu m'manda m'zaka za m'ma 1990, pa maliro pakunenedwa kuti "anadwala nthawi yaitali", dzina la matendawo osalitchula. Kenaka January 2021, pamene nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi ndi Covid-19, ndipo anzathu a msinkhu wathu ankalowa m'chipatala osatulukamo. Thupi osaliona nkhope, osagona pasiwa, oika maliro atavala zoyera kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Munthu amene sanaone nkhope ya m'bale wake amakhala ndi funso losayankhidwa, ndipo mphekesera inabwera ndi yankho: akubaya anthu dala. Pulezidenti wa nthawiyo, a Lazarus Chakwera, anabayitsa katemera wake pamaso pa anthu konkuno ku Zomba mu March 2021. Pa gulu lathu lina, dzuwa lisanalowe, panali patafika kale uthenga woti m'jekeseni wawo munali madzi. Miyezi iwiri pambuyo pake boma linatentha katemera wa AstraZeneca wokwana 19,610 atatha mphamvu. N'zoona kuti anafika atatsala masabata ochepa, koma n'zoonanso kuti ambiri amene ankafunika kukhala patsogolo pa mzere, ife okalamba, tinali kunyumba tikumvera ma voice note.

Si kuno kokha. Ofufuza a ku Princeton ndi New York University anapeza mu 2019 kuti pa chisankho cha ku America cha 2016, anthu opitirira zaka 65 ankagawa nkhani zabodza pa Facebook pafupifupi kasanu ndi kawiri kuposa a zaka 18 mpaka 29. Awo ali ndi mbiri yawo ndi zifukwa zawo. Zathu ndi zimene ndanenazi.

Komanso achinyamata asadziyeretse. Wokalamba akakhulupirira bodza amatumiza uthenga. Wogenda miyala amakhala wina. Ku Neno mu January 2016, mphenzi itapha mtsikana, okalamba anayi anaphedwa powaganizira ufiti. Mphekesera ikafuna munthu woti afe, kawirikawiri imaloza imvi.

Kwa adzukulu ndili ndi pempho laling'ono. Agogo akatumiza zoterezi pa gulu la banja, musawayankhe pomwepo ndi tizithunzi toseka. Mwawachititsa manyazi pamaso pa apongozi awo, ndipo munthu wochititsidwa manyazi sabwerera m'mbuyo, amangosamukira ku gulu lina kumene samuseka. Imbani foni, kapena kwerani kabaza mubwere. Mdzukulu wanga wina wamkazi amadziwa kuchita zimenezi ndi agogo ake aakazi. Amakhala nawo pamkeka, amamvera uthenga wonse mpaka kumapeto, kenaka n'kufunsa mofatsa: "Agogo, namwinoyu akuti ali pa chipatala chiti? Nanga zachitika liti? Tiwaimbire azakhali a ku Domasi, poti iwo ndi a zaumoyo, timve ngati aziona?" Sawauza kuti anama. Amangowakumbutsa mafunso amene iwo omwe ankafunsa kale mwana akabwera ndi nkhani kuchokera kudambwe.

Kwa a boma, a chipani chilichonse chimene chili pampando: nthawi iliyonse mukabisa chinthu chimene anthu akuchidziwa kale, mumawonjezera zaka khumi pa moyo wa anamapopa. Kenaka mumatuma alangizi a zaumoyo, ana osauka oyenda pa njinga, kuti akagogode m'makomo ndi katemera, n'kukalandira mkwiyo umene sanauyambitse.

Ndipo kwa inu Akonzi, ndikudziwa kuti atolankhani anu amafufuza mphekesera zina n'kulemba zoona zake. Koma mumazilemba pa pepala ndi pa intaneti, kumene kabandulo kathu sikafika. Bodza likuyenda ndi mawu, inunso yankhani ndi mawu. Jambulani ka voice note ka mphindi ziwiri sabata iliyonse, m'Chichewa chapansi, kena m'Chiyao, wolankhulayo atchule dzina lake, ntchito yake ndi tsiku, anene mphekesera imene yavuta sabata imeneyo, amene mwawafunsa, ndi zimene mwapeza. Pamene boma labisadi chinthu, munenenso momwemo, chifukwa mukamangotsutsa mphekesera zokhazokha tidzati nanunso ndinu a MBC yakale ija. Mutipatsenso nambala imodzi yotumizako zimene tikukayikira. Pa gulu la opuma pa ntchito adimini ndine, ndipo mukayamba, ndidzakhala ndikukaponya pamenepo ndekha Lolemba lililonse.

Wosindikiza wopuma pa ntchito,
Matawale, Zomba